Wonyamula Titho

Kiyiyo anakana pa chitseko cha kuchipinda, anakananso pa sutikesi. Rafaeli anatuluka naye panja kukamuyesa pa loko wa kubafa, ngakhale maso ankamuuza kale kuti lokoyo ndi wamng'ono.

"Alamu, takhalani pansi," anatero Januario ali pakhonde. "Chiyambire m'mawa mukungozungulira ngati nkhuku yosowa poikira."

Linali Loweruka, patapita masiku awiri chiikireni Salome, mkazi wa Rafaeli, m'manda. Anthu anali atabalalika, mabenchi a kutchalitchi atabwezedwa. Pabwalo panangotsala phulusa lonyowa pomwe azibambo ankaothera moto. M'nyumbamo munatsala anthu anayi: Rafaeli, mwana wake Tithokoze, ndi abale awiri a malemu ochokera ku Phalombe, Januario mlongo wake wamkulu ndi Brenda mng'ono wake. Brenda ndiye anapeza kiyiyo, womangidwa pa nsonga ya chitenje, pamene ankapinda zovala za mkulu wake zoti zikagawidwe kumudzi.

"Ndi wa kusukulu ameneyo," anatero Tithokoze.

Anali atakhala pa njinga yake ya olumala pafupi ndi chitseko, pomwe anthu anamusiya m'mawa. Anali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Miyendo yake inafota ali ndi zaka zitatu, atadwala malungo aakulu, ndipo chiyambire pamenepo kulikonse komwe njinga sinkafika ankapitako ali kumsana kwa amayi ake.

"Wa kusukulu pati?" anafunsa Rafaeli.

"Kusitolo ya ufa wa phala."

"Nanga amayi ako ankasungiranji kiyi wa sukulu?"

Mwanayo anangotukula phewa.

Rafaeli ankadziwa kuti Salome ankaphika nawo phala la ana kusukulu, monga makolo ena onse a ku Bangwe kuno amachitira likafika tsiku lawo. Iye ankatuluka kusanache kukakwera minibasi ya ku Maselema, komwe ankayendetsa makina odulira mapepala pa kampani yosindikiza mabuku. Pobwera ankapeza mwana atasamba, homuweki italembedwa. Za pakati pa m'mawa ndi madzulo sankazidziwa, ndipo sanafunsepo. Anaika kiyiyo m'thumba la malaya, nakhala pa mpando.

Januario anakokera mpando wake pafupi.

"Alamu, ine Lachiwiri ndikwera. Udzu kumunda sudziwa zoti kwagwa maliro. Ndiye tikambe za mwanayu."

"Tikambe."

"Kwanu ku Nsanje mwana ndi wa bambo, ndikudziwa. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, inunso mukudziwa. Koma sindinabwere kudzakokana nanu pa zimenezo. Funso langa ndi limodzi. Lachitatu inu mukabwerera kuntchito, mwanayu ali kusukulu n'kufuna kuchimbudzi, amunyamula ndani?"

"Ndipempha tchuthi china."

"Cha zaka zingati?"

Januario anapitiriza.

"Tinene kuti ntchitoyo mwaisiya, muzikhala pageti tsiku lonse. Inu ndinu bambo. Mwanayu akukula, chaka chamawa kapena chinacho ndi namwali. Mungalowe naye m'chimbudzi cha atsikana, ana a eni ali momwemo?"

"Kumudzi tilipo ambiri," anatero Brenda ali pamphasa, osasiya kupinda. "Ndilipo ine, alipo amayi aakulu, alipo akazi awo achimwenewa. Sadzasowa womusambitsa."

"Nanga sukulu?"

"Ilipo," anatero Januario akuyang'ana kumsewu. "Lolemba akutsegulira, eti? Tikatenge kalata ya transifa."

Sukulu ya kumudziyo Rafaeli ankaidziwa. Inali kutsidya kwa mtsinje, njira yake yodutsa m'mizere ya minda, moti nyengo ya mvula ngakhale njinga ya kabaza inkafikako yosenzedwa. Kalatayo ikanakalowa m'sutikesi n'kukalambira momwemo. Januario nayenso ankadziwa. Koma funso lake linali loona.

Tithokoze ankasenda tepi yomwe inakulungidwa pa chogwirira cha njinga yake. Onse atatu ankayankhula ngati mwanayo wapita kwa aneba.

Lamulungu Rafaeli sanakhazikike. Anakagogoda kwa mayi wa nyumba yoyandikana nayo, koma atamuona akusita yunifolomu yake ya kushopu anangothokoza za thandizo la pamaliro n'kubwerera. Anaimbira foni mlongo wake ku Nsanje. Mlongoyo anali ndi khanda la miyezi iwiri, madzi osefukira anali atafika pakhomo, ndipo analira kwambiri moti Rafaeli ndiye anayamba kumutonthoza. Anapita kukatunga madzi pakiosiki ngakhale migolo yonse inali yodzaza. Pobwera anaima pakhomo ndi ndowayo, osadziwa poithira.

"Mwana uyu sakumwa kanthu," anatero Brenda akuchotsa kapu ya tiyi yomwe inali itazizira. "Chiyambire Lachinayi akungonyambita. Iwe, ukufuna uwatsatire amayi ako? Tiye ukadzithandize."

Anazungulira kumbuyo kwa njinga, nalowetsa manja m'khwapa mwa mwanayo, n'kumudzutsa uku akuuza Januario za mtengo wa feteleza. Brenda anali ndi mphamvu, ndipo sanamupweteke. Koma thupi la Titho linauma gwa ngati thabwa, nkhope yake n'kutsekeka. Rafaeli anaziona, koma sanadziwe chomwe waona.

Dzuwa litapendeka anatulutsa njingayo pakhonde, mwini wake ali pomwepo, nayamba kuthira oilo m'mateyala. Kunali kosavuta kuyankhula maso ali pa sipoko.

"Titho, za kumudzizi iwe ukuti bwanji?"

"Chikwama apakira kale anti."

"Ndikufunsa iweyo."

"Adadi, teremu yathayi ndinali nambala chani?"

Rafaeli anapukuta manja pa kansanza. Salome anamuuza, ankakumbukira bwino, tsiku lina iye akuvula nsapato. Ankakumbukira mawu ake akusangalala, koma nambalayo ayi.

"Unakhoza bwino."

"Sikisi. Pa ana handiredi ndi seveni."

"Sikisi," anabwereza Rafaeli.

"Mawa ndipita nawo. Ndivala yunifolomu."

"Tikungokatenga kalata, mwanawe."

"Ndivala yunifolomu."

Mvula inagwa usiku wonse, n'kukata m'bandakucha. Brenda anamuveka mwanayo yunifolomu akung'ung'udza, natsala kuti amalize kulongedza. Azibambo awiri aja ananyamuka ndi njinga kukwera mtunda. Msewu unali utang'ambika ndi madzi ochokera kuphiri. Mateyala aang'ono akutsogolo ankangozika m'matope, ndipo asanafike n'komwe pachigayo Rafaeli anali atanyowa ndi thukuta.

"Kumanzere, adadi," anatero Titho. "Amami amadutsa pamwala uwo. Apa tembenuzani, muzikoka chambuyo."

Pa ngalande ina anachita kunyamula awiri, wina uku wina uku. Januario anaima kupuma, dzanja lili m'chiuno.

"Chemwali wanga ankadutsa bwanji pamenepa yekha?"

"Amayamba andiwolotsa ine, andikhazika pasitepe ya golosale iyo, kenako abwerera njinga."

Anapitiriza kukankha mpaka pageti.

Pabwalo la sukulu panali ana osawerengeka, aliyense ndi kapu yake, ena ataimangirira pachikwama ndi chingwe. Ang'onoang'ono anali atandanda kale pamzere kutsogolo kwa khitchini, kashedi ka malata kokhala ndi kachipinda kokhoma kumbali. Ankagogoda makapu awo pa mawondo. M'khitchinimo munalibe munthu, munalibe utsi. Atsikana atatu a Sitandade 5 atangoona Titho anathamanga, nalanda njingayo m'manja mwa Rafaeli osapempha, n'kuikankhira kukalasi akulongolola onse nthawi imodzi.

Ahedi anali mayi wamfupi wa magalasi. Anawalandira muofesi, napepesa za maliro, namvetsera Januario mpaka kumaliza. Kalata anailemba pomwepo ndi dzanja.

"Yatsala sitampa," anatero. "Ili ndi achiwiri anga, apita ku ofesi ya maphunziro. Mudikire mpaka cha m'ma teni."

Rafaeli anatulutsa kiyi uja namuika patebulo. Ahedi anavula magalasi.

"Ndiye anali kwanu. Tagwedeza madirowa onse muno."

"Ophika ali kuti?" anafunsa Rafaeli.

"Funso limenelo ndakhala ndikudzifunsa chiyambire sikisi koloko." Analoza pepala lomwe linamatidwa pakhoma, lofiirira ndi dzuwa. "Mndandanda wa makolo ophika ndi umenewo. Theka la mayinawo anasamuka namondwe uja atagwetsa nyumba. Ena ana awo anamaliza kalekale Sitandade 8. Mndandanda weniweni unali m'mutu mwa mayi a Tithokoze. Madzulo aliwonse ankayenda m'makomo, mawa ndi inu, mawa ndi inu. Wina akati ndatanganidwa, iwo ankamuphikira tsiku lakelo. Azimayi onsewo anali kumaliro, ndinawaona akuimba. Koma lero aliyense wakhala kwake kudikira kugogoderedwa."

"Ankabwera kuno tsiku lililonse?"

Ahedi anamuyang'ana Rafaeli.

"Mwana atayamba Sitandade 2, ahedi amene analipo ine ndisanabwere anawauza kuti makolo saloledwa kumangokhala pasukulu nthawi ya maphunziro. Mawa lake iwo analembetsa zophika phala. Wophika ndiye palibe angamuthamangitse. Phala limatha kugawidwa naini koloko, koma iwo ankatsuka miphika mpaka mwana ataweruka. Mukaione miphika yathu, bambo. Ya kuhotela siifikapo."

"Ndiye popanda iwowo?" anafunsa Januario.

"Ife sitithamangitsa mwana. Koma mphunzitsi wake ali ndi ana oposa handiredi, sangawasiye okha. Zimbudzi zili kumunsi uko, masitepe asanu ndi atatu. Makalata opempha chimbudzi cha kumtunda kuno tinalemba, ndipo tikulembabe. Sindikunamizani kuti ndili ndi yankho."

Januario anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sankaoneka ngati munthu amene wapambana.

Ahedi anawakhazika pa benchi panja pa ofesi. Rafaeli anakhala, naimirira, nakafika pa mtengo wa mbendera, nabwerera. Ana aja anali atalowetsedwa m'makalasi, koma a Sitandade 1 ankangosuzumira m'mawindo, maso ali kukhitchini. Unali Januwale, mwezi womwe m'nyumba zambiri moto wa m'mawa suyatsidwa. Rafaeli analowanso muofesi. Ahedi anali pafoni. Kiyi anali pomwe anamusiya. Anamutenga.

Loko anatseguka mosavuta. M'kachipindamo munali matumba a ufa osanjikidwa bwino pa mapulanga, ndowa zovundikirika, ndi miphika inayi ikuluikulu yoti mwana akhoza kubisalamo. Inkawala ngati yatsopano. Pakona panali mithiko italiitali ngati nkhafi za bwato. Rafaeli anapinda manja a malaya, nakhazika mphika umodzi pambaula, nayamba kuthamanga ndi ndowa pakati pa mpopi ndi khitchini.

Januario anamupeza atagwada, akuuzira makatoni pansi pa nkhuni zonyowa.

"Alamu, mukutani?"

"Anawa ali ndi njala."

"Ndiye mwaiona nokha njalayo? Maliro sanathe ndi sabata yomwe. Sitinakusudzuleni n'komwe. Munthu wofedwa dzana, lero muziphikira ana a eni? Makolo awo akamva ati chiyani?"

"Anene."

"Zimenezi kwathu kulibe. Ndikhulupirira kwanunso kulibe."

Rafaeli anapitiriza kuuzira. Utsi unamulowa m'maso, misozi n'kuyamba kutsika, ndipo anailola. Januario anaima pamenepo akudandaula za mwambo, za manyazi, za anthu a m'tauni. Kenaka anati, "Nkhuni simuika choncho, mukuutsamwitsa motowo. Tasunthani." Anavula jekete, naikoleka pamsomali, n'kugwada.

Madzi atabwata, Rafaeli anang'amba thumba nakhuthulira ufa mumphikamo. Ufawo unagwirana nthawi yomweyo. Anavundula ndi mphamvu zake zonse, koma mibulu inkangotembenuka, ina yaikulu ngati zibakera.

"Bambo a Titho, tulani mthikowo."

Pakhomo pa khitchini panaima azimayi atatu, ochokera pa kamsika ka pageti. Woyankhulayo anali Zeinabu, mayi wamtali wa mpango wakuda, wogulitsa zitumbuwa. Pambali pake panali Lusiya wa tomato, yemwe Rafaeli ankamudziwa kumphakati wa kutchalitchi, ndi mayi wina wachitsikana yemwe anzakewo ankamutchula kuti amake Ricky.

"Latsala pang'ono kupsa," anatero Rafaeli.

"Kupsa chiyani? Mwaphika miyala. Ufa umayamba wasungunulidwa m'madzi ozizira. Zaka zonsezi akazi anu simunawaonepo akuphika?"

Mawuwo atatuluka, Zeinabu anagwira pakamwa.

"Sindinawaonepo," anatero Rafaeli, nampatsa mthikowo.

Zeinabu anavundula kawiri katatu. Kenaka anayankhula akuyang'ana mumphika. "Ine nditaona utsi ndinadzidzimuka. Ndati, nanga wayatsa ndani? Ndiye wina akuti ndi bambo wofedwa uja. Manyazi ake. A Lusiya, tengani mbale ziwiri muziphwanya mibuluyi m'mbali. Amake Ricky, mphika wachiwiri. Lolemba ndi lanu, paja."

"Ine langa ndi Lachinayi, asisi, musandinamizire."

"Lachinayi la chaka chiti? Inu phala munaliphika komaliza muli ndi pakati pa wachiwiriyu. Pano akuthamanga."

"Nanga inuyo? Mwezi wa Ramadani wonse anakuphikirani ndani?"

"Ine ndimabweza."

"Munabweza liti?"

"Tonse tinkamudyera masuku pamutu Salome," anatero Lusiya. "Tiyeni tiphike."

Azibambo aja anawathamangitsa pamoto, nawapatsa ntchito ya madzi ndi nkhuni. Januario anawaza chitsa chonse ndi nkhwangwa yobuntha, akudandaulabe. Azimayi ena awiri anafika, atamva kumsika. Pofika naini koloko ndowa za phala zinayamba kupita m'makalasi. Mphika wa Rafaeli unagwera a Sitandade 5, ndipo iye mwini ananyamula ndowayo. Ana anandanda, iye n'kumathira ndi chipande. Kapu ya Titho inabwera ndi mnzake, koma Rafaeli anakaipereka yekha.

Titho anasuzumira m'kapumo, navundula ndi supuni.

"Mwaphika ndinu?"

"Zikuoneka?"

"Zikuoneka."

Anamwa lonse, mibulu ndi yomwe. Atamaliza anapempha madzi.

Belu la buleki linalira teni koloko. Ana anakhuthukira pabwalo. Atsikana aja anakankha njinga ya Titho mpaka kumapeto kwa khonde, pomwe simenti imathera, n'kuisiya pamenepo ngati mmene amachitira masiku onse. Kuchokera pamenepo kanjira ka matope kankatsetsereka kukafika pa masitepe otsikira ku zimbudzi za atsikana. Titho anagwira zogwirira za njinga ndi manja onse awiri. Anayang'ana kukhitchini, nabweza maso msanga.

Rafaeli anatula ndowa nayamba kuyenda. Atafika pakati pa bwalo anaima. Pamasitepe paja atsikana ankatsika ndi kukwera, akukankhana, akuseka, ena a iwo aakulu ndithu. Sanapite patsogolo. Sanabwererenso.

"Nkhani yake ndi imeneyi, alamu," anatero Januario motsitsa mawu, ataima pambali pake. "Phala mwaphika, ndaona. Koma nkhani yake ndi imeneyi. Tikanabwera ndi Brenda."

Kumbuyo kwawo Zeinabu anali atapukuta manja, akumasula chitenje chapamwamba. Lusiya nayenso anali ataimirira, chitenje chili kale paphewa. Anakumana pakhomo pa khitchini.

"Mukupita kuti, a Lusiya?"

"Kwa mwanayo. Inu khalani, kanyamulidwe kake n'kovuta. Ntchafu ya kumanzere sumaipanikiza. Amake anandionetsa."

"Anakuonetsani inu? Liti?"

"Mu Okutobala. Anati msana wawagwira, ndiwathandize tsiku limodzi lokha."

"Kwa ine anati ndi mkono," anatero Zeinabu.

"Ine anandiuza chizungulire," anatero amake Ricky ali pamiphika, mawu ake ali pansi. "Katatu konse. Anati ndisauze munthu, anthu angamati atopa naye mwana."

"Mkono wake uti?" anatero Zeinabu. "Tsiku lomwelo ndinawaona ndi maso angawa atasenza thumba la ufa kuchokera pageti. Ndinati mayi awa akundiseweretsa, kapena..."



Rafaeli anawerenga miyezi chobwerera. Mu Okutobala ndi momwe Salome anayamba kugona chokhala, atatsamira mapilo awiri, n'kumati ndi kutentha. Ku chipatala cha Gulupu anavomera kupita sabata ya Khirisimasi, sukulu zitatsekera. Ankadziwa kale, n'chifukwa chake ankawaphunzitsa mmodzimmodzi. Rafaeli anayang'ana manja ake. Ufa unali utauma m'mizere ya zikhatho.

"Atatu," anatero Januario. "Chabwino, kusukulu kuli atatu. Nanga pobwerera kunyumba? Nanga kusamba? Nanga akadwala?"

"M'mawa ndizimusiya kuno ophika akamafika, minibasi ndizikwerera pageti. Zinazo sindikudziwa, alamu. Ndifunsa."

"Mufunsa ndani?"

"Awa. A kumphakati. Mwini wakeyo."

Zeinabu anawadutsa, akuyankhula chotembenuka. "Lolemba ndi Lachitatu ndi anga. A Lusiya, Lachiwiri ndi Lachisanu mutenge inu, Lachisanu ine ndimapita kumzikiti. Amake Ricky, Lachinayi lanu lija lapezeka."

Sanapite kumbuyo kwa njinga. Anafika kutsogolo kwake, chapatali pang'ono, nagwada m'matope momwemo. Anaomba m'manja kawiri mofatsa, monga amachitira munthu pakhomo pa eni.

"Odi kuno."

Titho anatembenuzira nkhope kuphiri. Sanayankhe.

"Tangomunyamulani, mayi, belu lilira," anatero Januario.

"Sizitero," anatero Lusiya, osamuyang'ana. "Amake anati ameneyu si thumba la ufa. Umaodira, n'kudikira. Akapanda kuyankha, umadikirabe."

Ahedi anatulukira muofesi kalata ili m'manja, akuiuzira kuti inki ya sitampa iume. Anaitambasulira Januario. Iye anaiyang'ana, nayang'ana mayi wogwada uja, manja ake ali kumbuyo.

"Ikhale kaye mudirowa, ahedi," anatero. Kenaka anatembenukira kwa Rafaeli. "Teremu imodzi. Pa Isitala ndibwera. Ndikadzapeza mwana wa chemwali wanga akuvutika, ndidzamutenga, ndipo simudzandiletsa."

"Sindidzakuletsani."

Belu linalira. Ana anathamangira m'makalasi, phokoso n'kumachepa mpaka pabwalo panatsala akuluakulu okhaokha ndi makapu awiri otayika. Zeinabu anali chigwadire. Matope anali atalowerera m'siketi yake pamawondo. Manja anawasanjika pantchafu, chitenje chili pamwendo. Sanabwereze odi wake, sanayang'ane kumsika komwe anasiya zitumbuwa zake popanda woyang'anira.

Titho anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. Anawongola yunifolomu yake pamawondo, mbali iyi ndi inayo, mosafulumira.

"Odini," anatero, nakweza manja.